Bulauzi Yanga mu Filimu ya Irene

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Mphepo, fumbi. Malaiti palibe kuyambira m'mawa. Ndaswa nsawa mpaka zala kuwawa.

Zaululika. Anna, mnzanga wa m'chigwirizano cha amayi, wandionetsa pa foni kachidutswa ka filimu ya Irene. Mkazi wavala yunifolomu yathu, akukwera thiraki pa boda ya Mwami, dalaivala atamugwira m'chiuno. Pa dzanja lamanzere la bulauzi pali kaduwa kaja ndinasoka pobisa pamene khala la ayironi linawotcha. "Vailet, kaduwa aka ngakhale mbuzi za kutchalitchi zimakadziwa," anatero Anna.

Bulauzi ndi yanga. Ndinam'bwereka Irene chaka chatha, mwana wa malemu akulu anga a Dolika. "Amayi aang'ono, masiku awiri okha." Sindinafunse nkhani yake. Ayi, ndisaname m'buku langa lomwe: ndinakondwa kuti bulauzi yanga akaiona mpaka ku Ulaya. Kunyada. Ambuye ndikhululukireni.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Abwera amayi Sesiliya, apampando athu. Tiyi anakana. Ati filimuyo ndi yonyansa: kumenyana, chigololo, mkazi kuwotcha thonje la mwamuna wake, zonsezo atavala chovala chopatulika. Okha sanaione. Palibe waiona yonse, koma kwathu kuno Tamanda yense akuifotokoza.

Lachinayi la sabata yamawa ndikaonekere, nditanyamula yunifolomu.

Potsazika anatsitsa mawu. "Mukangoti mwanayo anaichotsa pa chingwe inu musakudziwa, basi nkhani yatha." Anandifunira zabwino, ndikudziwa.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu chivekedwere. Akandivula, kumaliro ndizikhala kumbuyo ndi atsikana. Ndikafa mawa andiika ndi chitenje wamba. Chiganizo chimodzi chokha chabodza ndipo zonsezi zindipitirira. Koma Irene akhala wakuba.

Loweruka, 10 Ogasiti

Ndapita ku Chipata kwa Irene kuti ndikamukalipire. Anangotsegula laputopu, nandipatsa mpando.

Maola awiri. Filimu yachilendo. Nyimbo mulibe, anthu salankhula kwenikweni. Mkazi akusankha thonje nthawi yaitali mpaka ndinaganiza kuti makina aima. Pomenyedwa sationetsa, amationetsa nkhuku panja, ife n'kumangomva. Zapathiraki zija ndinatsinzina, ndipo ndikanenabe kuti n'tchimo.

Koma duku. Mkaziyo amamanga duku motsitsa, kuphimba diso lamanzere. A Dolika ankamanga choncho.

Ndiye pali pena mkaziyo wathawira kwa mng'ono wake. Mng'onoyo akumuphikira, akupemphera naye, m'mawa akumusenzera katundu, kumuperekeza kwa mwamuna uja. Kamtsikana kakutsatira m'mbuyo.

Mng'onoyo ndine, kamtsikanako ndi Irene. Msewu wa ku Kasenengwa, chaka chomwe ndinavekedwa. Ndinawauza a Dolika kuti banja n'kupirira. Sipanathe miyezi inayi, tinawaika. Tinauza anthu kuti ndi malungo.

Ndinafunsa Irene chifukwa chake ananamizira amayi ake za moto ndi za dalaivala. "Amayi sanawotche kanthu, sanapite kulikonse. Machesiwo ndawapatsa ndine." Kenako anandithira madzi m'kapu. Sanandiimbe mlandu, ngakhale liwu limodzi. Bola akanandikalipira.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Kutchalitchi maso onse pa dzanja langa lamanzere, ngakhale ndinavala juzi.

Ndawauza amuna anga, bambo a Beauty, zonse, za chingwe ndi za msewu wa ku Kasenengwa. Anachedwa kupukuta magalasi. "Ine ndinaphunzitsa ana zaka makumi atatu, bodza la pa chingwe ngakhale wa giredi thuu sangalivomere." Kenako: "Tsiku lija njinga yonyamula thumba la ufa la alamu a Dolika ndinakankha ndine." Sindinkadziwa kuti amakumbukira.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Ndachapa, ndasita, ndapinda. Kaduwa pamwamba.

Amayi anadzaza. A Jairos, mkulu wa mpingo, pampando pafupi ndi khomo. Amayi Sesiliya anandifunsa mokoma, kunditsegulira njira: "Kodi munadziwa kuti yatengedwa?" Ndinati ndinapereka ndi manja anga. Ndinati kubwereketsa ndinalakwa, ndipo chilango ndilandira. Kenako pakamwa panapitirira pokha. Ndinati bulauziyo siinadetsedwe pa Mwami, inadetsedwa tsiku limene ndinaivala poperekeza akulu anga. Ndinati sanali malungo.

Wina mwana wake analira, anatuluka naye.

Andivula kwa miyezi itatu. A Jairos ati akanati chaka, koma sindinawazunguze. Amayi Sesiliya analandira yunifolomu ndi manja awiri, osandiyang'ana. Anaikulunga m'chitenje chawo kuti isalowe fumbi. Chimenecho ndinachiona.

Ndinabwerera ndi chikwama chopanda kanthu. Chodabwitsa, njala. Ndadya mbatata zitatu.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Belu linalira, thupi linanyamuka lokha. Ndinakhalanso pansi. Ndabzala ndiwo za repu kudimba. Nyimbo zawo zimamveka mpaka kumeneko, ndinathandiza alito ndekha pakati pa mabedi.

Lachinayi, 29 Ogasiti

Atatuluka kuchigwirizano, asanu afika pano ndi mayunifolomu awo. Ati adzandiona. Sipanathe mphindi: "Kodi mwana uja sangabwere nako kamakina kake? Tione tokha chimene tikudana nachocho." Amayi Sesiliya sanabwere, koma atumiza nthochi.

Ndamuimbira Irene. Anaseka mpaka kutsokomola. Abwera Loweruka, batire itadzaza.

Loweruka, 31 Ogasiti

Amayi khumi ndi mmodzi, m'chipinda chochezera, makatani otseka. Posankha thonje paja wina anati, "Ameneyu ndi waulesi, ine bwenzi nditamaliza belo." Pathiraki anaphimba nkhope ndi zitenje, koma zitenje zake zoonekera. Pamoto awiri anawomba m'manja, kenako anachita manyazi. Atatu ananyamuka ndi mkwiyo, ati n'zonyansabe. Mwina sakulakwa konse. Ena anakangana ndi Irene mpaka tiyi kuzizira.

Onse atapita, Anna anatsala, ati athandize makapu. Anna wanthabwala uja. Zaka zonsezi ndimakhala naye benchi imodzi, lero ndi pamene ndaona mamangidwe a duku lake, motsitsa, kuphimba diso. Anatsuka kapu imodzi katatu. "Vailet, ine ndilibe mng'ono wothawirako."

Ndamuyalira m'chipinda cha Beauty. Mawa tipita kwa amayi Sesiliya, Lolemba kuchipatala. Sindimusenzera katundu. Sindimuperekeza.

Dzuwa likadalipo. Belu la njinga kumpanda, ndi mwamuna wa Anna. Bambo a Beauty anyamula mpando, akauika pakati penipeni pa geti, akhala. Akupukuta magalasi.