Diresi la Mpendero Wokhota

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji? Mukaona zilembo zikuvina musaope, ndi chimwemwe. Abambo asoka diresi!

Ndiyambire poyambira. Titakuikani m'manda, abambo anavundikira makina awo osokera n'kuyamba kachasu, tsiku ndi tsiku, osadya. Mapazi anayamba kutentha ngati aponda makala, kenako anachita dzanzi. Tsiku lina anafika pakhomo ndi patapata mmodzi, winayo atavuka panjira iwo osamva. Ndinakawatenga ku Ntcheu kubwera nawo kuno ku Karonga kumene ndikuphunzitsa, makina ali pamwamba pa basi. Njira yonse ndinkadzifunsa ngati sindikulakwa kuzula nkhalamba kwawo. Digiri yanga sinandiyankhe.

Kuchipatala anati mowa wadya mitsempha, ndipo imachira pang'onopang'ono, mwina osachira n'komwe. Anawabaya jakisoni wa mavitamini, n'kutilamula nyemba, mazira ndi usipa. Atasowa mowa ananditukwana, Amayi, ine mwana wawo. Botolo lina ndinalipeza atalibisa m'kabati ya makina. Paja inu munkati, "Telala ndi phazi, manja amangoperekeza." Lawolo linkatsetsereka pa chopondera ngati la munthu wina.

Ndiye Loweruka lina ndikuchokera kumsika, ndinamva makina akulira ndisanafike pakhomo. Ndinagwetsa matoki, nthochi zophika zakuno! Ndinawapeza ali thukuta kamukamu, akukuwa kuti chitsulo chikuzizira. Akumva kuzizira kwa chopondera, Amayi! A Nyagondwe oyandikana nafe analiza nthungululu mpaka nkhuku kuthawa.

Ndinawapatsa nsalu yanu yabuluu ija munkaisunga m'sutikesi. Diresi latuluka, koma mpendero wakhota. Kumanja lafika pakatumba, kumanzere langogunda bondo, ndipo mukudziwa kuti masiku ano bondo likaoneka ndi mlandu. A Nyagondwe anati alikonze iwowo mwamseri, abambo osadziwa. Ndinasinkhasinkha, monga mwa khalidwe langa, koma telala amadziwa ulusi wake. Akanaona, ndipo ndinaopa kumene manyazi akanawabwezera.

Choncho Lolemba ndinalivala. Ndinadutsa anyamata a chipani pamsika ndikuyenda mopendekera kumanzere kuti bondo libisike. Ahedi anandifunsa ngati mwendo ukundipweteka. Ndinati ayi, kwathu miyendo ikuchira.

Sanachiriretu. Akuyendabe ndi ndodo, ndipo zala zakumanzere zikadali m'tulo. Koma a Nyagondwe abweretsa kale mayunifomu a ana awo.

Kumudzi achemwali Esinala abereka mwana wamkazi, amutcha dzina lanu. Chimanga chinachita bwino, koma denga la khitchini yanu likudontha.

Mvula ikatha ndidzabwera nawo abambo kudzalambula pamanda panu, ndikulonjeza. Akuti pachipata adzasiya ndodo. Ine ndidzavala diresili. Ndikudziwa kuti akakhotetsa munkawamasulitsa ulusi wonse, koma ili lokha, Amayi, mulisiye.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Rozina