Rula Yakuda

Lachiwiri, 4 Malichi

Tsiku lachitatu chimwalirire Ebo, mwana wanga mmodzi yekhayo. Zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ngozi ya minibasi pamsewu wochokera ku Accra. Thupi lili kumochale kuno ku Cape Coast. Maliro pa 29.

Akuchikazi akumana pakhonde panga. Mwini mbumba ndi Papa Bentsil, malume ake. Ine ndine bambo chabe. Andipatsa ntchito yolemba chikalata cha maliro chomata m'makoma, poti ndinasunga kaundula wa obadwa ndi omwalira zaka makumi atatu ndi zisanu osafufutapo n'kamodzi komwe. Mawu awo: "Alamu, dzanja lanu silinjenjemera ngakhale pamaliro. Lembani ndinu."

Silinanjenjemere.

Lachinayi, 6 Malichi

Mizere iwiri yavuta: "Mkazi wake" ndi "Ana ake."

Kuukua wakhala ndi Ebo ku Accra zaka zisanu ndi chimodzi. Ali ndi mwana wamkazi, Araba, wa zaka zinayi. Ukwati palibe. Bambo wa mnyamata ndiye amanyamula mabotolo awiri a mowa kukagogoda pakhomo la makolo a mtsikana. Ebo anandipempha kawiri. Ndinakana kawiri.

Papa Bentsil: "Ameneyo sitikumudziwa. Ndani anagogoda? Akakhale kumbuyo ndi anzake a makompyuta."

Mwa malamulo a kalembera, akunena zoona. Ndatenga rula yanga yakuda, yobulungira ija ya mtengo wolimba, ndadula mizere yonse iwiri. Ndi rula yomweyo ndinadula dzina la Ebo m'Baibulo la banja, chaka chimene anasiya maphunziro a zamalamulo kuti azikapanga masewera a pakompyuta. Mzere wowongoka bwino.

Lolemba, 10 Malichi

Kuukua wabwera m'mawa, m'nsalu yakuda, mwana kudzanja, kompyuta kukhwapa. Anaima pachipata mpaka nditamuitana. Za chikalata sanatchule. "Bambo, sindinabwere kudzalimbana ndi amalume. Ndabweretsa ntchito ya mwana wanu. Muione, kenako mundipirikitse."

Ndaiona.

Ndi masewera a pakompyuta. Mtsikana akuyenda m'mzinda wa m'mbali mwa nyanja, kufunafuna abale ake. Mdani wake ndi Mlembi Wamkulu. Wamtali. Magalasi pamphuno, malaya oyera omanga mpaka pakhosi, zolembera zitatu m'thumba. M'dzanja rula yakuda ya matsenga. Akadula nayo dzina m'buku lake, mwini dzinayo amasanduka pepala, mphepo n'kumuulutsa, ndipo a m'nyumba mwake amamuiwala pompo. Kunsonga kwa rulayo kuli pobenthuka. Yanga inabenthuka pomwepo, tsiku limene ndinaphonya zala za Ebo n'kumenya tebulo, nditapeza zithunzi m'kope la masamu. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Asanadule dzina, Mlembiyo amatsokomola kawiri.

Ndinatsokomola. Araba anayang'ana kompyuta, anayang'ana ine, n'kubisala kumbuyo kwa mayi ake. "Amayi, ndi uja."

Lachitatu, 12 Malichi

Kenke, nsima ya kuno, ndi nsomba zabwerera kukhitchini osazikhudza. Rula ili patebulo. Ndaiyeza kulemera m'dzanja. Pa zala za mwana iyenera kuti inkalemera koposa.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndinamuitanitsa Kuukua. Funso limodzi: Mlembiyo amafa bwanji?

"Safa, Bambo."

Akuti Ebo anayesa lupanga, anayesa moto, anayesa kumumiza m'nyanja. Zonse ankapanga n'kufufuta. Zaka ziwiri masewera osatuluka chifukwa cha mathero okha. Anzake ankamuseka: "Iwe Ebo, mfiti yakoyi ndi m'bale wako kodi? Ipha tidye!" Iye ankangoti: "Nkhalamba imeneyi siphedwa. Rulayo aiike pansi yekha."

Ndinapempha kuti andifikitse kumapeto. Chipinda cha mabuku okhaokha. Mtsikana pakhomo. Mlembi waimika rula m'mwamba, ndipo pamenepo zonse zimaima, poti chotsatira Ebo sanapange. Ndinadina mabatani onse. Palibe. Tinayang'anizana ndi munthuyo mphindi khumi mwa wotchi yanga.

Kuukua anapita kukaima panja. Ndi mwana wolemekeza.

Lolemba, 17 Malichi

Wosindikiza akufuna chikalata Lachitatu masana.

Ndauza Papa Bentsil kuti ndikupita kukagogoda kwa makolo a Kuukua ku Saltpond. Anagwetsa chibwano. "Kugogoda mkamwini ali mufiriji? Alamu, ukalamba wakukwerani kumutu? Anthu akakusekani mpaka asodzi!"

Ndinayankha monga ndikudziwira: ku ofesi kwathu munthu akachedwa kulembetsa mwana sitinkati mwanayo sanabadwe. Tinkalemba, n'kuikapo chizindikiro choti walembedwa mochedwa, ndi dzina la wochedwetsayo. Wochedwetsa ndine.

Anaseka, kenako anati: "Akakutsegulirani, ndilola akhale kutsogolo. Akakuthirani madzi a nsomba, musadzanditchule."

Mabotolo ndagula. Malaya ndasita ndekha.

Lachitatu, 19 Malichi

Dzulo ku Saltpond. Bambo a Kuukua anandisiya padzuwa ola lathunthu, iwo akusoka ukonde, osatukula maso. Ndinaima. Ndinkaimika anthu motero pawindo la ofesi.

Pomaliza anati: "A Kalaliki, chitseko ichi chakhala chosakhoma zaka zisanu ndi chimodzi. Mnyamata wanu ankabwera kudzakoka nafe ukonde, manja ofewa ngati a wansembe. Ankati bambo abwera chaka chamawa."

Analandira mabotolo. Sanandigwire chanza. Sindinayembekezere.

Chikalata chapita kwa wosindikiza nthawi isanakwane. Mkazi wake: Kuukua. Mwana wake: Araba. Ndinachita kulemba pepala latsopano.

Ndinafuna kuika rula m'bokosi la Ebo, pamodzi ndi nsalu ndi mipango imene abale adzamuikire ya paulendo. Kuukua wakana. "Ayi, Bambo. Asapite nayo. Yamukwana." Ndaiika pansi, patebulo la kompyuta ya Kuukua, iye achite nayo zimene Ebo akanachita. Araba sanandiyandikirebe. Wandiyang'ana m'manja kawiri.

Madzulo ano ndatsegula Baibulo la banja. Mzere uja sufufutika. Inki yake inali yabwino, ndinasankha ndekha. Pansi pake pali malo a mayina atatu. Ndayamba ndi la Ebo, popanda chowongolera. Zilembo zikukwera ndi kutsika ngati za mwana wa sitandade wani, koma ndi dzanja lomwe lija limene alamu anati silinjenjemera.