Ndadula Layini ya Abambo

Ku Bwanje,
Golomoti, Dedza.
21 Seputembala 2024.

Okondedwa achimwene a Bizeki,

Ndine Eneles, mlongo wanu wotsiriza uja, ngati mukundikumbukirabe. Musadabwe kulandira kalata ya papepala masiku ano a mafoni. Nane ndikudabwa, zala zikuchita kuuma ndi bolopeni. Ndipatsira a Mwanjuma a ku Mtakataka, aja amanyamula katundu wa anthu pakati pa kuno ndi ku Joni. Akuti mwezi wathawu anakuonani ndi maso awo pa galaja ina mutavala ovolosi ya mafuta okhaokha, ndipo inu mutawazindikira munatembenukira kukhoma. Nditawafunsa ngati angakupezeninso anangoti, "Inshallah, mayi. Galajayo ndikuidziwa, koma munthu ali ndi miyendo." Ndiye ndikulemba osadziwa ngati mawuwa afike kwa inu kapena akathere m'thumba la jekete la a Mwanjuma.

Kuno tili bwino ndithu. Dzuwa layamba kale nkhanza zake, moti masana ngakhale nkhuku zimangoyasamula pansi pa nkhokwe. Mpunga tinakolola bwino kusikimu. Amayi ali moyo, bondo lokha ndi lomwe likuwavutitsa. Bambo a kwathu a Pius nawo alipo, akadali otsutsa chilichonse monga munawasiyira.

Koma sindinakhale pansi kuti ndikuuzeni za nkhuku. Nambala ya malemu abambo, ija mumaimbapo chaka ndi chaka, yafa. Ndaipha ndine, ndi sizasi yodulira nsalu. Chiyambireni sindikhazikika, ndikakhala pansi ndimafuna kuimirira, ndikaimirira sindidziwa kolowera.

Inu mumaimba kamodzi pachaka, pa tsiku la Anakubala, ndipo nthawi zonse pa foni yobwereka. Tikayesa kuimbanso m'mawa mwake amayankha anthu achilendo m'zilankhulo zosamveka. Kaya mukudziwa zomwe kafoni kanu ka mphindi zochepako kamachita kuno. Amayi amayamba kukonzeka Okutobala asanalowe. Kafoni ka mabatani ka abambo kaja anakasokera kathumba, amakavala m'khosi pamodzi ndi korona. Chaka chatha sipikala yake inali itayamba kulira ngati chitini. Munalankhula, iwo anangomva kuti "Amayi, ine ndili..." basi, zotsalazo phokoso. Mpaka Khirisimasi anali kundifunsabe, "Kodi iwe, anati ali chiyani? Ali bwino kapena ali m'chipatala?" Zinandipweteka kwambiri. Ndinalumbira mumtima kuti chaka chino sangokumvani chabe, akuonani nkhope.

Nditagulitsa mpunga ndinapita pa Golomoti kukagula foni ya tachi. Pamenepo mpomwe panayambira mutu, chifukwa foni yotere popanda netiweki ya mphamvu ndi galasi lodziyang'anira basi. Kuno masiku ano kuli malayini awiri, ndipo palibe amene amawatchula mayina a makampani. Timangoti ya kuphiri ndi ya kumsewu, kutengera komwe kuli nsanja zake. Ya kuphiri ndi yakale ija, ya abambo. Ya kumsewu nsanja yake anaimika chaposachedwa kufupi ndi msika.

Mukafuna kuyambanitsa anthu pamjigo, ingofunsani kuti yabwino ndi iti. A Pius anali mbali ya kuphiri. Ankati, "Mabandulo ake ngotchipa, komanso abale onse ali komweko. Iwe ukufuna uziimbirana ndi ndani, ndi nsanjayo?" Mnzanga Hellen, mphunzitsi uja wa ku Mua, anawaseka pamaso. "Alamu, chotchipa chosagwira mudzachitafuna? Ine ndimatumiza zithunzi ndili chigonere pabedi." Anakangana mpaka tiyi kuzizira, ine pakati mutu uli zweee.

Ndinaganiza zodzionera ndekha. Ndinabwereka simukhadi ya a Pius ndi ya Hellen, ndikuyamba kuzungulira mudzi foni ili m'mwamba. Kukhonde kwa amayi, kuseri kwa khola, pachulu, m'ngalande za kusikimu, konse ndinafika. Azimayi opita kudimba anayamba kundinena, "Taonani a Eneles asanduka ansembe, akudalitsa minda!" Ndinawasiya aseke. Zomwe ndinapeza ndi izi. Ya kuphiri imatulutsa mawu bwinobwino ukakwera pachulu, koma ukati utsegule chithunzi kamangozungulira kanthu kaja mpaka khosi kuwawa. Kunyumba kwa amayi imabwera ndi kupita ngati mlendo wamanyazi. Ya kumsewu imagwira mpaka m'khitchini, vidiyo kuyenda osadukiza. Vuto lake n'lakuti magetsi akazima nthawi yaitali ku Golomoti nayo imagona. Ndinasinkhasinkha n'kuona kuti nkhope yanu singadutse kuphiri. Ndinasankha ya kumsewu, ndikukalembetsa ndi chiphaso changa kwa mayi wina wa ambulera pamsika. A Pius sanandilankhule tsiku lonse, ngati kampaniyo ndi ya amalume awo.

Mpaka apa sindinalakwe. Koma ndili m'njira ndinakumbukira kuti inu nambala yatsopanoyi simukuidziwa, ndipo tilibe poti n'kukuuzirani. Mumadziwa ya abambo yokha. Ndinati palibe vuto, foni yatsopanoyi ili ndi malo a makhadi awiri. Ya kumsewu izibweretsa intaneti, ya abambo ikhale pambali pake, ndiilowetse pa Watsapu. Ndinkaona m'maganizo mwanga inu kumeneko mukutsegula foni ya mnzanu, n'kupeza kuti nambala ya kwanu ili ndi chithunzi cha amayi. Ndinadziona wanzeru zedi tsiku limenelo.

Lachinayi lina amayi anasiya kafoni kawo kwathu kuti kadye moto pa sola, iwo n'kupita ku mphakati. Ndinakatsegula. Khadi ya abambo ndi ya makedzana ija, yaikulu, pomwe kabowo ka foni yatsopano n'kochepa ngati chikhadabo cha mwana. Ndinali nditaonapo anyamata a pamsika akudula makhadi otere. Ndinasanjika yatsopano pamwamba pa yakale, kulemberera ndi pensulo, kenako sizasi. Nditailowetsa, foni inati mulibe khadi. Ndinaitulutsa, kuipukuta pachitenje, kuiuzira, kuitembenuza, koma ayi. Ndinaibwezera m'kafoni ka mabatani, kuitchinjiriza ndi kapepala kuti isagwedere. Namonso zii. Nditaiyang'anitsitsa padzuwa ndinaona kuti sizasi inadya m'mphepete mwa kachitsulo kagolide kaja.

Ndinathamangira kwa Hellen thukuta lili kamukamu. Atamva anagwira pakamwa. "Mayo ine, Eneles! Unadulirenji? Watsapu sifuna khadi ikhale m'foni momwemo. Amangotumiza timanambala pa meseji, iwe n'kukopera. Khadiyo ikanakhala m'kafoni ka amayi mpaka Yesu kubwera." Achimwene, ndinakhala pansi pa dothi. Safunsa adadya phula, ndipo ine ndinadya lonse.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Dedza boma, kukwera Khwekhwerere mtima uli m'mwamba kuposa galimotoyo. Ku ofesi ya kampaniyo ndinapeza mtsikana waulemu wake. Anati kupanga khadi ina ya nambala yomweyo n'kosavuta, mwini wake angobwera ndi chiphaso. Ndinati mwini wake ali kumanda. Anapepesa, n'kunena kuti ndiye pakufunika chikalata cha boma chotsimikiza imfa. Inu simunalipo, ndiye mwina simukudziwa kuti abambo anatsirizikira panyumba. Tinawasambitsa, tinawaimbira, tinawaika, ndipo palibe anaganizako za chikalata. Ndayamba kuchiyendera tsopano. Kwa amfumu ndadutsako, ku boma ndapitako kawiri, yankho ndi lakuti ndidikire. Nditafunsa ngati chingatuluke Anakubala asanafike, bambo wa pawindo anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Mtsikana uja anandichenjezanso kuti nambala ikakhala chete nthawi yaitali imatha kupatsidwa kwa munthu wina. Ndiye tsiku lina mungadzaimbe n'kuyankhidwa ndi wogulitsa matemba wa ku Karonga.

Choipa kwambiri sindinachinene. Amayi sindinawauze msanga. Ndinawabwezera kafoni kawo, khadi yakufayo ili momwemo, iwo n'kukavala m'khosi. Madzulo aliwonse dzuwa likapepa ankakwera pachulu ndi bondo lawolo, kuti mwina mungaimbe tsiku lisanafike. Akatsika ankati, "Netiweki yavuta masiku ano, timizere tija sitikuoneka." Ine ndinkavomera kuti eee, yavuta. Ndinkawaona pawindo ali chiimire pachulupo, n'kuthawira kuchipinda. A Pius, omwe ndinkayembekeza kuti andiseka chifukwa cha layini yawo ya kuphiri, sanaseke. Anangoti, "Mayi a Sharon, munthu wamkulu uja mukumukweza chulu chaulere. Mukapanda kuwauza inu, ndiwauza ine."

Ndinawauza Lamulungu lapitali titachoka ku Misa. Anali pakhonde akusankha mpunga m'lichero. Ndinagwada, n'kufotokoza zonse, kuyambira pa sizasi mpaka pa bodza la netiweki. Ndinkadikira kuti andikalipire, ndipo ndikanakondwa akanatero. Iwo anapitiriza kutola timiyala, kenako anafunsa osandiyang'ana.

"Ndiye iye akaimba, kumveka chiyani?"

Ndinati sindikudziwa.

"Imba timve."

Ndinatenga foni yatsopano ija, yogwira mpaka m'khitchini, ndikuimba nambala ya abambo. Ndinakweza mawu. Anayankha mzimayi uja wa m'makina, kuti nambala mwaimbayi sikupezeka. Amayi anati ndiimbenso. Mzimayi uja anabwereza zomwezo, mosasintha ngakhale pang'ono. Apo amayi anaika lichero pansi.

"Mwana uja pamaliro a abambo ake sanabwere," anatero. "Chiyambire amaimba ngati munthu wogogoda pakhomo la eni, wokonzeka kuthawa. Akamva mzimayi ameneyu sanena kuti khadi yawonongeka. Anena kuti tamutsekera."

Anavula kathumba kaja m'khosi n'kundipatsa. Kuyambira tsikulo pachulu sanakwerenso. Ine kuwaona atakhala phee madzulo kukundiwawa kuposa muja ankakwera.

Tsono pano ndinene zanga, mukwiye mukwiye. Cholakwa ndachivomera, sizasi inali m'dzanja langa. Koma achimwene, banja lonse lingapachikike bwanji pa kakhadi kamodzi kakale? Mukanatipatsa nambala yanu, ngakhale ya mnzanu wokhazikika, bwenzi nditangokuimbirani n'kukuuzani kuti tasamuka layini, nkhani n'kuthera pomwepo. Anzanu a ku Joni amaimba mpaka kutopetsa, kuonetsa makolo awo ngakhale mphika womwe aphika. Inu mumatiponyera mawu kamodzi pachaka n'kubisala. Ngati ndi manyazi oti simunapeze zomwe munapitira, dziwani kuti kuno palibe akuwerengera. Njinga yamoto munalonjeza ija tinaiiwala kalekale, a Pius anagula yakapalasa ndipo ikutifikitsa. Ndakukwiyirani, komanso ndakusowani, zonse ziwiri pakamodzi, moti sindidziwa kuti mutatulukira pakhomo ndingayambe ndi chiti.

A Mwanjuma anyamuka Lachiwiri. Akuti akayenda bwino pamalire adzakhala atafika mwezi uno usanathe, ndiye nthawi ilipo ngati galajayo simunasamukepo. Nambala yatsopano ndailemba kuseri kwa pepalali ndi manambala akuluakulu, ndiponso mkati mwa envelopu, kuti china chikanyowa china chitsale. Ndi ya kumsewu. Mukaimba n'kupeza sikulowa, musafulumire kuganiza zoipa, mwina magetsi angozima ku Golomoti. Mudikire pang'ono, muyesenso. Foniyo tsopano ikukhala kwa amayi. Ndawaphunzitsa kukhwekhwereza chala pa kobiriwira, ngakhale amakanikiza ngati akupha nsikidzi.

A Pius akupereka moni. Sharon, yemwe munamusiya ali kumsana, akuti moni kwa amalume omwe amangowamva. Hellen akuti mubwere mudzandilande sizasi.

Amayi ndawawerengera kalata yonseyi, kupatula pomwe ndakukalipirani. Nditawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndiwonjezere, anati ndilembe momwe akunenera, ndisakonze. Ndiye nawa:

"Bizeki, ndine mayi ako. Sindinafe ndipo sindinakutaye. Foni ndi imene yafa. Nkhope ngati sufuna ndiione, usaonetse. Mawu ngati ulibe, usalankhule. Ungofulasha kamodzi, tikaona nambala yachilendo ya kumeneko ndidziwa kuti ndiwe, ndipo ndigona."

Ine mlongo wanu wosakhazikika,

Eneles.