Abambo Athyoledwa Nthiti pa Sikelo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Amerekako. Kuno ku esiteti ana ali bwino, koma abambo ali chigonere m'chipatala ku Chipinge.

Loweruka anyamata achipani anatisonkhanitsa pa sikelo ya tiyi n'kumatiimbitsa kuti Amereka yatha mphamvu, tsopano wamkulu ndi Tchaina. Abambo anangofunsa kuti, "Nanga tirigu wachithandizo tikudyayu, pathumba pake palembedwa dziko liti?" Anyamatawo anawagwetsera pansi n'kuwaponda ndi majombo mpaka nthiti kuthyoka, uku akuwanena kuti mutengesi, wogulitsa dziko. Amayi anawagwera pamwamba kuti awatchinjirize, chikwapu n'kuwang'amba msana.

Dzulo abambo anandinong'oneza kuti ndikufunseni ngati dziko la Amerekalo likugwadi. Muyankhe kudzera kwa azakhali ku Mulanje, chifukwa kalata ya sitampa ya ku Amereka ingatiphetse kuno.

Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati