Ndinamuona ndi Maso Angawa

Lachitatu, 11 Juni

Lastone, mnzathu wa kuntchito, akadali kuchipatala. Zala ziwiri zapita. Lamba wonyamula matumba kufakitale kwathu anamugwira dzanja Lolemba masana, chifukwa chitsulo chotchingira lambayo wina anachimasula n'kuchisiya pambali.

Lero ba Mwila, supavaiza wathu, amatiitana mmodzimmodzi mu ofesi. Ine anangondifunsa kuti, "Daliso, unamuona Nchimunya pamene anali kuchotsa chija Mande kuseni, ai?" Nditaganiza pang'ono ndinamuonadi, Lolemba m'mawa: atagwada, sipanala ili m'manja, chisoti chake chong'aluka chija chili pansi. Ndasaina pepala. Mtima ukundiwawa, paja Nchimunya ndi amene anandiphunzitsa ntchitoyi, koma munthu wataya zala.

Lachinayi, 12 Juni

Nchimunya amuimitsa ntchito. Mlandu ukhala Lachitatu likubwerali. Pageti anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndi manyazi amenewo.

Loweruka, 14 Juni

Takangana ndi mkazi wanga Zione. Ndimamufotokozera nkhaniyi iye akuchapa matewera, ndiye anasiya kuchapako.

"Mande iti? Mande tinali kusikelo na mwana. Imwe munakwera basi yopita kunchito kuma twelofu."

Ndinamukalipira kuti sikelo inali sabata inayo, asandiphunzitse masiku ngati ndine wa giredi wanu. Anapukuta manja, n'kulowa m'nyumba, n'kubwera ndi khadi la mwana. Deti la 9 Juni, dzanja la nesi, sitampa pamwamba.

Pomwepo zonse zinabwera: mzere wautali uja, mwana kulira atabayidwa jakisoni, chimanga chootcha chimene tinagawana pasiteji. M'mawa wonse wa Lolemba kuntchito kunalibe ine.

Lamulungu, 15 Juni

Kutchalitchi anzanga akuimba n'kumavina, ine ndangokhala pansi.

Chondiopsa n'chakuti ndikumuonabe. Ndikatsinzina, uyo wagwada ndi sipanala yake. Chitsulo chija amachimasuladi kumapeto kwa mwezi uliwonse potsuka, ndipo ndamuonapo kambirimbiri akutero, n'kuchibwezera. Ndiye kuti mutu wangawu unatola tsiku lina n'kuliika pa Lolemba? Kukantini aliyense ankati ndi Nchimunya, amapupuluma. Ba Mwila nawo sanafunse kuti ndinaona chiyani, anafunsa ndi dzina lomwe.

Bodza ndimalidziwa ine, ukamalinena khosi limatentha. Apa sindinamve kalikonse. Ndikanatha kulumbira nditagwira Baibulo. Nanga zina zimene ndimati ndikukumbukira, za malemu adadi, za ubwana wanga, zoona ndi zingati? Ndili ndi mantha.

Lolemba, 16 Juni

Ndatsegula buku losaina pageti, tsamba la pa 9. Dzina langa lilipo, seveni koloko m'mawa. Koma dzanja ndi la Nchimunya. Ndinamuimbira ndekha tsiku lija kuti andisainire, monga timachitirana tonse wina akachedwa. Lamulo ndi lakuti wosainira mnzake amalandira kalata yochenjeza, wosainiridwa amachotsedwa ntchito.

Nditaweruka ndinapita kwake ku Nangongwe. Ndinamupeza akumata chubu cha njinga. Ati mawa ayamba kukatenga nsomba ku Chanyanya, azigulitsa.

Ndinati, "Ba Nchimunya, munali kuziba kuti sininalipo. Nichani simunakambe?"

Anamiza chubu m'beseni, n'kumayang'ana thovu. "Nikakamba, iwe wachoka. Uli na kamwana ka miyezi itatu. Anga ni akulu."

Ndinamuuza kuti sindinafune kunama, ndinamuonadi, mpaka pano ndikumuona. Anandiyang'ana ngati mmene umayang'anira munthu wodwala malungo.

"Ine sininagwireko chija Mande. Manje zimene uona m'mutu mwako, izo niza iwe."

Mkazi wake anandipatsa moni bwinobwino, mpando n'kundipatsanso. Bola akanandituka.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndamuuza Zione zonse, za buku la pageti zomwe. Anangoti, "Nanga mwana?" Ine ndemwe ndinayamba kudzinyengerera: mwina ndingokhala chete, mwina Nchimunya apeza ntchito kwina, mwina anachimasuladi ine kulibe. Mutu womwe uja wayambanso kundikonzera nkhani yabwino.

Madzulo pokonza ovolosi ya mawa ndapeza khadi la mwana lili m'thumba. Sindine ndinaikamo.

Lachitatu, 18 Juni

Ndikulemba ndili pabenchi kunja kwa ofesi.

M'katimo munali abwana atatu, ba Mwila, ndi Nchimunya atavala jekete la kutchalitchi. Anawerenga pepala langa lija mokweza n'kufunsa ngati mawuwo ndi anga. Ndinavomera. Ndiye ndinati, "Nikali kumuona m'mutu, bwana, koma pa tsiku ija sininalipo." Ndinaika khadi patebulo.

Mmodzi anafunsa ngati ndikudziwa tanthauzo la zimene ndanenazi. Ndinati ndikudziwa. Ba Mwila anatuma munthu kukatenga buku la pageti, ine anandiuza kuti ndidikire panja.

Padutsa mphindi makumi anayi. Nchimunya watuluka tsopano, amubwezera makiyi a makina, ali m'manja mwake. Waima patsogolo panga, maso ali pansi.

"Akuti ulowe, mwana. Akuti ubwere na chiphaso chako cha pageti."