Mubwezereni Raihana Foni Yake

Al Waab, Doha

Achemwali anga a Hanifa,

Asalamu alaikumu. Msana uja ukukupatsani mpata? Ine ndilipo, Alhamdulillah, ndikuyendetsabe galimoto ya abwana. Koma mtima sunakhale m'malo chiyambire Lachisanu, pomwe mwana wanu Raihana anandiimbira pa foni ya mnzake akulira.

Akuti munamva mawu a mwamuna m'chipinda mwake, mutalowa n'kupeza akuchokera mufoni, basi mwamulanda foniyo. Akutinso mng'ono wathu Faruku wayamba kale kukambirana za nikaha ndi anthu a ku Ntaja, ati mtsikanayu akwatiwe asanatichititse manyazi.

Achemwali, mufonimo mulibe mwamuna. Chiyambire pomwe a kuyunivesite anati ana aziphunzirira kunyumba, aphunzitsi amangotumiza masamba, makumi asanu nthawi imodzi. Raihana akayang'ana tsamba, zilembo zimasinthana malo. M'kalasi ankagwira ndi khutu, zotsala n'kumamuwerengera mnzake Phyllis. Pano ali yekha, ndiye amauza foni kuti imuwerengere. Mawu munamva aja ndi a makina. Magalasi munamugulira aja sangathandize, vuto si maso.

Ndikudziwa chifukwa nane ndili choncho. Kumadrasa ndinkaloweza sura anzanga asanayambe n'komwe, koma kusukulu inali ndodo tsiku ndi tsiku. Bambo anati ndine waulesi, nanditulutsa mu Sitandade 5, Faruku n'kupitirira mpaka Fomu 4. Palibe anandifunsa chomwe ndinkaona papepala. Inunso munkaseka nawo. Ndakhala chete zaka makumi asanu. Kalata ino yanditengera masiku anayi.

Kunonso sikuli bwino. Abwana asiya kundiuza pakamwa kopita, amangolemba pafoni. Sabata yatha ndinakatula madamu ku Al Nasr pomwe ankadikiridwa ku Pearl. Sanakalipe. Anangondiyang'ana pagalasi nthawi yaitali, ndipo dzulo kunabwera dalaivala wina kudzayesa galimoto. Mwina mundiona mvula isanagwe.

Raihana anagwa kale mayeso kamodzi. Akagwanso amuchotsa. Mayesowo ayamba pa 14, ndipo amalembera pa foni yomweyo mwaitsekera m'sutikesi.

Pempho langa ndi limodzi: mubwezereni foniyo lero. Khalani naye pakhonde, mumve nokha zomwe mwamuna wa mufoni uja amanena. Faruku mumuuze kuti mwini mbumba ndine, ndipo ndikadali moyo. Akapitiriza za nikahayo, pakhomo pake sindidzapondapo, ndipo tsiku langa likadzafika asadzagwire jeneza la maliro anga.

Mundiperekere moni kwa alamu a Wickson, omwe ndawatumizira chithunzi cha kalatayi, kwa azakhali a Umi ndi kwa ana onse.

Kalatayi akuwerengereni alamuwo. Musamupatse Raihana kuti awerenge pagulu, anthu akumuyang'ana pakamwa. Ine ndinaimapo pamenepo.

Ndine mlongo wanu,
Tahiru