Chifukwa Chomwe Sindidafikire pa Ukwati Wako

Nsaru,
12 Juni.

Wokondedwa mwana wanga Dailesi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako. Uli bwanji kumeneko ku Mzuzu, pamodzi ndi amuna ako a Gideoni? Akuti mwezi uno kumeneko kumazizira koopsa, ndiye uzivala juzi. Ndimakudziwa iwe, umakonda kutchena kuposa kufunda.

Kuno abambo ako ali bwino. Amaliza kukumba mtedza, tsopano akuthothola. Ine ndili monga udandisiyira muja: lero ndadzuka, za mawa sindikudziwa.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni sitimvana. Ukaimba umafunsa za abambo ako, za mbuzi, kenaka netiweki yako imayamba kuvuta nthawi yomweyo ndikati ndiyankhule zanga. Kalatayi ndikuilemba pang'onopang'ono, ndime imodzi lero, ina mawa, ndiye ukaona inki yasintha usadabwe.

Sabata yatha kudabwera amake Bizwell, amene adapita kumeneko kukaona mwana wawo. Adandigwira dzanja n'kunena kuti ndikonzeke, Ogasiti akubwerayu ndikhala agogo. Ndidaseka nawo ngati ndikudziwa kale. Atatuluka ndidalira, Dailesi. Miyezi isanu ndi iwiri yathunthu, ine mayi wako n'kudzamvera kwa anthu odutsa.

Sindikukuimba mlandu ayi. Ndikudziwa chomwe chili mumtima mwako. Umati ndidakana kubwera pa ukwati wako chifukwa sindidafune a Gideoni. N'zoona, ndidalankhula. Ndidati kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kudzamanga, mwana wanga mmodzi yekha sangapite ku chitengwa kutali chonchi. Pakamwa pangapa umapadziwa. Koma zimenezo zidatha ankhoswe atakambirana, ndipo chitenje cha ukwati ndidasankha ndekha.

Tsono mvera zomwe zidachitika sabata imeneyo, poti palibe adakuuza bwinobwino.

Ukukumbuka kuti chichokereni malungo aakulu aja, zaka zitatu zapitazo, thupi langa silidabwerere. Adandiyeza magazi, shuga, mtima, zonse, osapeza kanthu. Mpaka adokotala ena a ku tauni, mayi wofatsa, adandimvetsera n'kunena kuti ndi matenda a kutopa kosatha. Adati choipa chake n'chakuti ukagwira ntchito yopyola muyeso, tsiku lomwelo umaoneka bwinobwino. Thupi limadzakugwetsa pakapita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo kugona sikuthandiza.

Adati mankhwala ochiziratu alibe, koma ndiphunzire kuyeza mphamvu zanga ngati ufa wa m'chaka cha njala. Ndikaona kuti ndingathe kusenda mtedza lichero lonse, ndisende theka. Ndizipuma ndisanatope, osati nditatopa kale. Kusamba ndizisamba chokhala pampando. Tsiku lomwe ndadzuka ndi mphamvu, limenelo ndiye ndichenjere nalo kwambiri.

Ukwati wako utatsala milungu itatu, ndidayamba kusunga mphamvu. Kumjigo ndidasiya, kutchalitchi ndidasiya, ngakhale wailesi ndidatseka. Abambo ako ankaphika okha, ndiwo zamchere wokhawokha, ine n'kumadya osadandaula. Ndinkangofuna maola atatu a Loweruka limenelo: kukhala pampando wanga m'tchalitchi, kuimirira kamodzi, kukuimbira nthungululu.

Lachiwiri la sabata ya ukwatiyo kudagwa maliro a agogo Nachisale, kuseri kwa nyumba yathu komweku. Abambo ako adati ndisapite, iwo apita ndi ufa ndi nkhuni. Ndidavomera. Koma Lachitatu m'mawa amayi ankadutsa pazenera langa ndi ndowa, ndipo mmodzi, dzina sinditchula, adakweza mawu dala.

"Anzathu akusungira miyendo gule wa Loweruka. Kaya tsiku lawo adzawalira ndani. Paja maliro n'kulirana."

Mwana wanga, mawuwo adandilowa. Ine amene ndaphika pa maliro onse a mudzi uno kuyambira iwe usanabadwe? Ndidamanga chitenje, ndidatenga ndowa. Ndipo mphamvu zidalipo, poti ndidazisunga milungu itatu. Kumjigo ndidapita kasanu. Ndidavala bulauzi yanga ya Chigwirizano, ndidaimba choimirira, ndidayenda mpaka kumanda. Amayi ankati taonani, a Hannah achira. Ine ndemwe ndidakhulupirira.

Iwe udandiona tsiku lija ndowa ili pamutu, ukuchokera kwa telala. Udandisekerera.

Lachinayi ndidadzuka bwino, mpaka ndidasesa pabwalo. Lachisanu m'mawa ndiye chidandipeza. Miyendo ngati matumba a mchenga, pakhosi kuwawa, mutu kulemera, kapu ya madzi osatha kuinyamula. Ndinkamva anthu akulankhula koma mawu osalumikizana m'mutu mwanga. Tambala akalira zinkakhala ngati walirira m'khutu.

Loweruka abambo ako adayesa. Adandiveka chitenje chija, adandinyamula kuti andikhazike panjinga, ine ndidangotsetsereka mpaka pansi. Adandibwezera pamphasa misozi ili m'maso, munthu amene sadalire ngakhale pa maliro a amake.

Kenaka udabwera iwe. Udatsegula chitseko chonse, utavala diresi lako loyera, dzuwa lili kumbuyo kwako. Udati, "Lachitatu mudasenza ndowa, amayi."

Ine ndidatembenukira kukhoma.

Ichi ndicho chandidya miyezi yonseyi. Sindidakufulatire iwe, Dailesi. Kuwala kwa dzuwa pa diresilo kudandibaya m'maso ngati singano, thupi lidatembenuka lokha. Mumtima ndinkakuwa kuti tseka chitseko ubwere pafupi ndikuone, koma lilime lidakana. Ndidangomva nsapato zako zikupita. Pambuyo pake ndidamva mahutala, ndidamva nthungululu za azakhali ako amene adakhala pampando wanga. Ndidagona pamphasa ija milungu isanu.

Wolakwa ndine. Mphamvu zomwe ndidasungira iwe ndidakazithira mumphika wa pamaliro chifukwa choopa pakamwa pa anthu. Ndikhululukire.

Tsopano abambo ako akuti ndikwere basi ndibwere kumeneko, poti wobereka mwana woyamba amafuna mayi ake pafupi pa nthawi yochira, ndipo mwina ukandiona mtima wako ungatsike. Ndaganiza masiku anayi. Mtima ukufuna, mpaka chikwama ndidachitsitsa.

Koma sindibwera. Ndikukuuziratu lero kuti usadzayang'ane kumsewu.

Minibasi ya pa Nsaru mpaka ku tauni, kenaka basi tsiku lonse. Ndingafike, ndingaseke nanu, ndingakuphikire phala. Tsiku lachitatu mudzakhala ndi odwala awiri m'nyumba, wina wobereka, wina wongogona, ndipo apongozi ako adzati adabwereranji. Kudzakhala kulakwa komwe kuja kachiwiri, kuchita zinthu kuti anthu aone. Apongozi ako aakazi akhale nawe. Uwauze kuti ndawapempha ine, ndipo ndikuwathokoza.

Kuno ndaphunzira, ngakhale mochedwa. Chiyambire Epulo kwagwa maliro atatu, sindidapite ngakhale amodzi. Ndimatumiza ufa, ndimapemphera chogona. Amayi a Chigwirizano adabwera kamodzi, anthu khumi ndi awiri m'kachipinda kano, nyimbo ndi mapemphero maola awiri. Adachita mwachikondi, koma ndidagwa sabata yonse. Nditawapempha kuti azibwera awiriawiri kwa kanthawi kochepa, adakhumudwa. Sadabwerenso.

Ndiye masiku anga ndi otere. Abambo ako akapita kudimba ndimatsala ndi nkhuku. Ndimamva anzanga akuseka popita kumjigo, ena amatsitsa mawu akafika pazenera langa. Ndimasenda mtedza theka la lichero, n'kugona. Ndili ndekha, mwana wanga. Ndikunena mosabisa, kusungulumwa kukundipweteka kuposa miyendo.

Koma kusamalaku kwayamba kuthandiza pang'ono. Mwezi uno ndakhala panja ola lathunthu katatu, osagwa pambuyo pake. Kwa iwe n'zochepa, kwa ine n'zazikulu.

Pempho langa ndi limodzi. Mwana akatuluka m'chikuta n'kulimba khosi, mubwere naye kuno. Usadzandidzidzimutse ayi, undiuze kutatsala milungu itatu kuti ndiyambe kusunga mphamvu. Pa nthawi imeneyo kaya kugwe maliro a ndani, kaya anene zotani pazenera, sindidzadzuka. Ngati tsiku langa sadzandilira, asadzandilire. Ine ndikufuna kukhala tsonga ola limodzi, mdzukulu wanga ali pamiyendo, iwe uli pambali panga.

Ndipo ngati thupili lidzandinyengabe, n'kundipeza nditatembenukira kukhoma, usadzabwerere pakhomo. Udzalowe, utseke chitseko, umugoneke mwanayo pamsana panga ndimve kutentha kwake.

Mulungu akusunge, akupatse kuchira kwabwino. Upereke moni kwa a Gideoni, uwauze kuti pakhomo pano ndi pawo. Moni kwa apongozi ako onse. Abambo ako akupereka moni, ndipo thumba la mtedza lomwe labwera ndi kalatayi ndi lawo, koma wosendawo ndasenda ndine.

Ndine mayi wako,
Hannah Nangondo.